Ana 43 Amene Sali pa Guwa la Akufa

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, mvula itakata ndipo chimanga chitauma m'minda, misika ya ku Mexico imasanduka yachikasu. Ku Oaxaca, ku Puebla, ku Michoacán ngakhalenso m'makwalala a likulu, alimi amatsitsa mitolomitolo ya cempasúchil, duwa la fungo lamphamvu limene makolo awo ankalidziwa kalekale Asipanishi asanaponde dzikolo. Amayi amagula mtolo, akafika nawo kunyumba amathothola timasamba ta duwalo n'kutimwaza pansi, kuyambira pachipata mpaka m'chipinda chimene ayalamo guwa. Imeneyo ndi njira ya mlendo. Mlendoyo ndi amuna awo amene anawasiya, kapena mayi awo owabereka, kapena khanda limene linangoona dzuwa masiku owerengeka. Ndipo popeza kumene akuchokera n'kutali, ulendo wake n'ngwausiku, amoyo amamulambulira njira ndi mtundu wowala ndi fungo lomveka patali, kuti asaphonye khomo la kwawo.

Novembala wa 2024 anali wa nambala 11 chisowereni ophunzira 43 ku Iguala. Papita zaka zoposa khumi, ndipo m'midzi ya ku Guerrero ndi madera oyandikana nawo muli nyumba zimene guwa limayalidwa ndithu monga mwa chaka ndi chaka, agogo ali pamenepo, azakhali ali pamenepo, koma chithunzi chimodzi sichiikidwapo. Chili pakhoma, kapena pansalu ija amayi ake a mnyamatayo amaigwirizira pachifuwa akamayenda m'misewu pa 26 mwezi uliwonse. Ambiri mwa makolo a ophunzira 43 a pasukulu ya uphunzitsi ya Ayotzinapa akhala akukana kuwayatsira ana awo kandulo ya akufa. Sakana chifukwa chonyoza mwambo. Amaudziwa mwambowo kuposa ife amene timangouonera pazithunzi, ndipo n'chifukwa chake amakana.

Guwali eni ake amalitcha ofrenda, ndiko kuti chopereka, nsembe. Siliyalidwa m'tchalitchi ndipo silidikira wansembe. Ndi tebulo la m'nyumba momwemo, lofundika nsalu yoyera, mwina lokwezedwa masitepe awiri kapena atatu ndi mabokosi. Pamakhala madzi m'tambula, pakuti wapaulendo amafika ndi ludzu. Pamakhala mchere, makandulo, utomoni wa copal ukufuka pamakala ngati lubani, mkate wozungulira wa pan de muerto wokhala ndi timizere tonga mafupa pamwamba pake, mapepala amawangamawanga oboolaboola mwaluso, ndi tizigaza ta shuga tolembedwa mayina pamphumi. Izi zonse n'zapamsika, aliyense amagula. Chimene chimasiyanitsa guwa la banja lino ndi la banja lija ndi tinthu timene wodutsa m'njira sangatimvetse: msuzi wa mole wothira tsabola wambiri momwe bambo ankaukondera, botolo la mezcal, ndudu za mtundu umene ankasuta, chipewa chawo chakumunda, kachidole ka mwana. Woyala guwa ndi munthu wodziwa. Dzina akulidziwa, tsiku akulidziwa, chimene chinamutenga m'bale wakeyo akuchidziwa, akudziwanso mtumbira umene akausese mawa, n'kuchezerapo usiku wonse monga amachitira pachilumba cha Janitzio m'nyanja ya Pátzcuaro kapena m'manda a ku Mixquic, kumene makandulo amayaka mpaka manda onse kuwala ngati masana.

Mwambowu unakonzera khomo wakufa aliyense. Pa 1 Novembala amafika ana, amene amawatcha angelitos, angelo aang'ono, ndipo amawaikira mkaka ndi maswiti, osati tsabola kapena mowa. Pa 2 amafika akuluakulu. M'madera ena, monga ku Puebla ndi ku Tlaxcala, tsiku la 28 Okutobala analipatulira amene anafa pangozi kapena anachita kuphedwa, ndipo abale amapita ndi maluwa pamalo penipeni pamene magazi anakhetsedwa, kaya ndi m'mbali mwa msewu. Ku Huaquechula, banja limene laferedwa m'chaka chimenecho limamanga guwa la nsalu zoyera lotalika mpaka kudenga, n'kutsekula chitseko kuti aliyense, ngakhale amene sanamuonepo malemuyo, alowe, apepese anamfedwa, adye nawo. Ngakhale mzimu umene ulibe woukumbukira, ánima sola, amauyatsira kandulo yakeyake. Anthu amenewa anaganizira ngakhale wakufa wopanda m'bale! Koma tsiku la mnyamata amene anakwezedwa m'galimoto ya apolisi usiku n'kuzimirira palibe, ndipo palibe kholo lakale limene likanaganiza kuti tsiku lotere lidzafunika.

Ngakhale kale, mzinda wa Tenochtitlan usanagwe m'manja mwa Asipanishi pa 13 Ogasiti 1521, funso loyamba pamaliro linali lakuti munthuyu wafa bwanji. Kwa Aaziteki, kumene munthu amapita akamwalira sikunkatengera makhalidwe ake ali moyo, koma mafedwe ake. Womira m'madzi ndi wowombedwa ndi mphenzi ankapita ku Tlalocan, dziko lobiriwira la mulungu wa mvula. Msilikali wofera kunkhondo ankaperekeza dzuwa kuyambira kotulukira mpaka pamutu, ndipo pamenepo ankalilandira amayi amene anafa pobereka n'kulitsitsira kumadzulo. Makanda ankapita kumtengo umene nthambi zake zinkadontha mkaka. Otsala onse, mfumu ndi kapolo yemwe, ankalowera ku Mictlan, ulendo wa zaka zinayi wodutsa zigawo zisanu ndi zinayi, galu akuwaolotsa mtsinje, mpaka kukafika kwa Mictlantecuhtli ndi mkazi wake Mictecacihuatl, eni dziko la akufa. Abale otsala ankapereka nsembe m'zaka zinayi zimenezo kuti wapaulendoyo asalefuke m'njira. Koma kuti umuthandize m'bale wako, unkayenera kudziwa njira imene walowera.

Za mmene miyambo yakaleyo inalowerera m'masiku a Oyera Mtima Onse ndi Mizimu ya Okhulupirira Onse, akatswiri sagwirizana, ndipo mkangano wake suli wachabe. Wansembe wa chipani cha Dominiko, Diego Durán, amene analemba m'zaka za m'ma 1500, anaona anthu akuperekera ana nsembe tsiku loyamba ndi akuluakulu tsiku lachiwiri, ndipo anakayikira kuti abisa maphwando awo awiri akale a akufa, laling'ono ndi lalikulu, pansi pa chofunda cha Chikatolika. Mbali inayi, katswiri wa mbiri Elsa Malvido ankanena kuti zambiri za paguwa, kuphatikizapo mikate ndi maswiti onga mafupa, zinachokera ku Ulaya wakale, ndipo kuti ndi andale a m'zaka za m'ma 1930 amene anauveka mwambowu nthenga za Aaziteki pofuna kumanga mtundu. Ine ndimaona kuti onse awiri anagwira mbali ya choona, koma amayi oyala guwa ku Guerrero funsoli siliwasowetsa tulo. Pambali pa chithunzi cha malemu amuna awo amaika Namwali wa ku Guadalupe, amafukiza copal amene ankafukizidwa m'makachisi a milungu yakale, amanena kolona, kenako n'kuwauza amuna awowo za mitengo ya feteleza ndi za mdzukulu amene wabadwa. Bungwe la UNESCO linaulengeza mwambowu kukhala chuma cha anthu onse mu 2003 n'kuulemba m'kaundula wake mu 2008, koma mwini wake weniweni ndi munthu mmodzimmodzi, m'chipinda chake, polankhula ndi akufa ake.

Pamenepa ndi pamene pali mphamvu yake, ndipo n'chifukwa chake guwali limalandira ngakhale amene anachoka m'tchalitchi. Alipo lero, mu Mexico City ndiponso pakati pa zidzukulu za Amexico ku Los Angeles ndi ku Chicago, amene amayala ofrenda popanda mtanda, amaliza lipenga la chigoba cha m'nyanja, amatembenukira kumbali zinayi za dziko ndi utsi wa copal, n'kutchula mayina a milungu imene agogo a agogo awo analetsedwa kuitchula. Ena amawatcha achikunja, ndipo ena mwa iwo dzinalo amalivomera mosachita manyazi. Aliponso, ochuluka kuposa amenewa, amene amapembedza imfa yeniyeniyo, Santa Muerte, mafupa ovekedwa mkanjo amene amawatchula mwachikondi kuti Niña Blanca, Mtsikana Woyera. Ku Tepito, dera la amalonda a m'misewu m'likulu, chifanizo chake chinatulutsidwa m'nyumba n'kuikidwa poyera mu 2001, ndipo pa 1 mwezi uliwonse anthu amafika, ena akuyenda chogwada, atanyamula maapozi, tequila ndi ndudu. Mpingo wa Katolika umakana kupembedza kumeneku kwamtuwagalu, ndipo nyuzipepala zimakonda kukulumikiza ndi zigawenga za mankhwala ozunguza bongo. Zigawengazo zilimo ndithu, sitingabise. Koma mumzere womwewo muli oyendetsa matakisi usiku, akaidi ndi amayi awo, ogulitsa pamsika, anthu amene anaona kuti imfa yokha ndiyo sisankha wolemera kapena wosauka ndipo silandira chiphuphu. Munthu angathe kutsutsa chikhulupiriro chawo, koma chimene chinawafikitsa pamenepo n'chosavuta kuchimvetsa m'dziko limene apolisi amatha kupereka ana asukulu m'manja mwa achifwamba.

Anyamata a ku Ayotzinapa anali ana a alimi, ambiri a iwo a chaka choyamba, mitu ili mpala monga mwa mwambo wa sukuluyo kwa ongofika kumene. Sukulu yawo, imene inatsekulidwa mu 1926, ndi imodzi mwa zimene zinamangidwa kuti mwana wa munthu wosauka aphunzire uphunzitsi n'kubwerera kumudzi kukaphunzitsa anzake. Chimene sitiyenera kuiwala n'chakuti usiku wa pa 26 Seputembala 2014 anapita ku Iguala kukatenga mabasi oti adzapitire kumwambo wokumbukira akufa. Ankakonzekera ulendo wa pa 2 Okutobala, tsiku limene chaka chilichonse ophunzira a ku Mexico amakumbukira anzawo amene asilikali anawawombera pabwalo la Tlatelolco mu 1968, kutatsala masiku khumi kuti masewera a Olympic ayambe, ndipo za chiwerengero chenicheni cha ophedwawo anthu akukanganabe mpaka lero. Ananyamuka kuti akatchule mayina a ophunzira ophedwa ndi boma, ndipo kunja kusanache, mayina awo omwe anali atalowa mumndandanda. Anthu asanu ndi mmodzi anafa usiku umenewo: ophunzira atatu, mnyamata wosewera mpira amene basi ya timu yake inawomberedwa, dalaivala wa basiyo, ndi mayi wina amene anali m'takisi. Amenewo ali ndi manda, ndipo pa 2 Novembala ali ndi kofikira. Enawo 43 anatengedwa.

Patangotha miyezi inayi, mu Januwale 2015, mkulu woimira boma pamilandu, Jesús Murillo Karam, anaima pamaso pa atolankhani n'kulengeza chimene anachitcha choonadi cha mbiri: kuti anyamatawo anaphedwa ndi gulu la zigawenga la Guerreros Unidos, anawotchedwa padzala la zinyalala la ku Cocula, ndipo phulusa lawo linatayidwa mumtsinje wa San Juan. Kunena kwina, boma linawayalira makolo guwa n'kuwauza kuti gwadani, lirani, mubwerere kwanu. Makolo anakana kugwada. Mu Seputembala chaka chomwecho, akatswiri ochokera kunja amene anatumidwa ndi bungwe loona za ufulu wa anthu m'mayiko a ku America anaonetsa kuti moto waukulu woti n'kupsereza matupi 43 sunayake padzalapo. Pambuyo pake zinadziwika kuti ena mwa amene anavomera mlanduwo anachita kuzunzidwa, ndiponso kuti asilikali ankatsatira zonse zimene zinkachitika usiku umenewo. Mu Ogasiti 2022, komiti yofufuza choonadi imene ankaitsogolera Alejandro Encinas inanena poyera kuti uwu unali mlandu wa boma, ndipo Murillo Karam anamangidwa mwezi womwewo. Akanakhala kuti amayi aja anavomera kuyatsa kandulo mu 2015, bodza lija likanakhala mbiri yophunzitsidwa m'masukulu. Kukana kwawo kulira maliro onama ndiko kunasunga mlanduwu wamoyo, ndipo ine sindidziwa ulemu wina woposa umenewu umene munthu angapatse mwana wake.

Chimene chabwezedwa kwa makolo m'zaka zonsezi n'chochepa moti chingakwane m'dzanja limodzi. Akatswiri a pa yunivesite ya Innsbruck ku Austria azindikira anyamata atatu okha, mu 2014, mu 2020 ndi mu 2021, kuchokera ku tizidutswa ta mafupa. Wachiwiriyo anadziwika ndi kachidutswa ka fupa la phazi kamene kanapezeka m'chigwa china, osati padzala lija boma linkanena. Kuti timve kuchepa kwake, tiyang'ane ku Pomuch, mudzi wa Amaya ku Campeche. Kumeneko munthu akagona m'manda zaka zitatu, abale amafukula mafupa ake n'kuwasunga m'kabokosi kamatabwa kosatseka, ndipo chaka chilichonse, masiku a akufa akamayandikira, amabwera ndi kaburashi, amatulutsa fupa limodzilimodzi, kulipukuta fumbi, kusintha nsalu yopeta maluwa imene amagonapo, n'kuika chigaza pamwamba kuti chione kuwala. Amatero akucheza nawo mafupawo: agogo, tabwera, takubweretserani nsalu yatsopano. Alendo ena amanyansidwa nazo. Koma mayi wa ku Guerrero amene anapatsidwa kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, n'kuuzidwa kuti mwana wanu ndi ameneyu, angapereke chilichonse kuti akhale ndi mwayi wa mayi wa ku Pomuch, wowerenga mafupa onse a mwana wake n'kupeza kuti akwanira.

Ndipo 43 amenewa ndi nkhope chabe ya khamu lalikulu. Mu Meyi 2022, kaundula wa boma wa anthu osowa ku Mexico anapitirira 100,000. Pofunafuna anyamata a ku Ayotzinapa m'mapiri ozungulira Iguala, anthu anapeza maenje odzaza mitembo ya anthu ena amene palibe ankawafunafuna poyera, ndipo mabanja ambiri amene ankalirira m'nyumba chifukwa cha mantha analimba mtima n'kutuluka ndi mafosholo. Lero ku Sonora, ku Sinaloa, ku Veracruz ndi ku Jalisco kuli magulu a amayi otchedwa buscadoras, ofunafuna. Chida chawo chachikulu ndi chitsulo chachitali chosongoka: amachikhomera pansi pamene dothi laoneka lofewa, amachizula, n'kununkhiza nsonga yake. Fungo likawauza kuti pansipo pali munthu, amagwada n'kupemphera asanayambe kukumba, ndipo amene amupezayo amamutcha chuma, ngakhale atakhala mwana wa mayi wina. Ku Colinas de Santa Fe, pafupi ndi doko la Veracruz, amayi a gulu la Solecito anatsogolera kufukula kumene kunatulutsa zigaza pafupifupi 300. Ena mwa amayi ofunafunawa aphedwa ali pantchito yomweyi. M'dziko limene amamwaza maluwa kuti fungo litsogolere akufa kwa amoyo, amoyo akutsata fungo kuti apeze akufa.

Kunja kwa Mexico, tsikuli tikulidziwa kwambiri ndi nkhope zopakidwa ngati zigaza ndi chipewa chachikulu cha Catrina. Dona wamafupa ameneyu anajambulidwa ndi José Guadalupe Posada pofuna kuseka anthu amene ankadzikweza n'kumanyoza mtundu wawo, ndipo Diego Rivera ndiye anamuveka diresi lalitali m'chithunzi chake chapakhoma cha mu 1947. Posada mwini wake anamwalira ali mmphawi mu 1913, ndipo mafupa ake anathera m'dzenje la anthu wamba opanda chiliza. Chionetsero chachikulu chimene chimadutsa mumsewu wa Paseo de la Reforma masiku ano si chamakolo ayi: chinayamba mu 2016, akuluakulu a mzinda ataona chionetsero chopeka mufilimu ya James Bond yotchedwa Spectre imene inatuluka chaka cham'mbuyo mwake. Sindikunena izi monyoza. Ana amasangalala, amalonda amapeza ya ndiwo, ndipo kuseka imfa ndi mbali ya mwambowu kuyambira kale. Koma mumsewu womwewo, pamphambano ina, paima manambala aakulu ofiira achitsulo, +43, amene makolo ndi owathandiza anawazika popanda chilolezo pa 26 Epulo 2015. Zigaza zovina zimadutsa pamenepo ng'oma zikulira, ndipo manambalawo amangoziyang'ana.

Mawu amene makolowa amafuula, akuti anawatenga amoyo, tikuwafuna amoyo, si atsopano. Anawalandira kwa amayi a m'badwo wam'mbuyo, a gulu la Comité Eureka limene Rosario Ibarra de Piedra anayambitsa mu 1977, mwana wake Jesús atagwidwa ku Monterrey mu 1975. Mayi ameneyu anayenda ndi chithunzi cha mwana wakeyo pachifuwa zaka zoposa 40, anagogoda pakhomo la pulezidenti aliyense, ndipo anamwalira mu Epulo 2022 asanauzidwe kumene anamuika. Makolo a ku Ayotzinapa nawo aona kale pulezidenti Enrique Peña Nieto akutuluka, aona Andrés Manuel López Obrador akulonjeza n'kutuluka, ndipo tsopano akudikira kwa Claudia Sheinbaum, amene analowa pa 1 Okutobala 2024. Anasiya minda yawo ikumera thengo. Ena adwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'misewu momwemo. Pabwalo la sukulu ku Ayotzinapa mipando 43 ikadali pamzere, uliwonse ndi chithunzi chake, ndipo pamsonkhano uliwonse khamu limawerenga mokweza kuyambira 1 mpaka 43, osadumpha ngakhale atatu aja amene mafupa awo anadziwika.

Ena mwa makolowo sanafike chaka chakhumi. Amayi ndi abambo angapo atsikira kuli chete m'zaka zimenezi, mmodzimmodzi, asanamve chimene anayendera mitunda yonseyo. Iwo tsiku lawo likudziwika, manda awo akudziwika, ndipo usiku wa pa 2 Novembala ana awo otsala adzawamwazira njira yachikasu kuchokera pachipata, adzawaikira madzi, mkate ndi chakudya chimene ankachikonda. Adzalowa, adzayang'ana zithunzi zimene zili paguwa, agogo, azakhali, ndi chawo chomwe. Cha mnyamata uja adzachipeza pamene anachisiya, pansalu yopindidwa pafupi ndi chitseko, ikudikira pa 26.